Masamba a Pamsewu wa ku Njuli

Kuno ku Chiradzulu, ukaona masamba aawisi atayalidwa mopingasa msewu sufunsa kuti n'chiyani. Wagalimoto amachepetsa liwiro, wanjinga amatsika n'kuyamba kukankha, bambo wovala chipewa amachivula. Ngakhale chidakwa chochokera kukachasu chimameza nyimbo yake mpaka chitadutsa masamba achiwiri. Pamenepo pali maliro. Lamuloli silinalembedwe m'buku lililonse, koma ndi lokhalo limene anthu akuno amalisunga ngakhale wapolisi palibe.

Ndiye tangoganizani mmene anthu anadzidzimukira Lachinayi lina la mwezi wa Meyi, tsiku la msika, atapeza nthambi za mango zitayalidwa pamsewu wafumbi wotulukira pa Njuli, chikhalirecho m'midzi yonse yozungulira munalibe mtembo. Pambali pake panakhala mayi mmodzi yekha pamkeka, atatambalala, mpango wakuda kumutu. Anali mayi Falesi, amake Bernard ndi Funsani.

Nkhaniyi inayamba chaka chimodzi m'mbuyomo, ndi munthu wa nsapato zowala dzina lake Geoffrey. Iyeyu ankakhala pakhonde la sitolo ina pa Njuli tsiku lililonse la msika, chikwama cha mapepala pamiyendo, mafoni awiri m'manja. Pakamwa pake panali pothira shuga. Ankati kutsidya kwa nyanja zamchere, kudziko lozizira, kuli ntchito yolongedza katundu ndipo akufuna anyamata amphamvu. Anyamata amphamvu ndiye ku Chiradzulu sasowa, chosowa ndi pogwira. Minda yakuno ndi yongokwanira kuyanikapo chitenje, ndipo Bernard, ndi satifiketi yake ya folomu folo, anali atatha zaka zitatu akuswa miyala m'mbali mwa msewu. Anapita anyamata asanu ndi awiri. Mayi Falesi ndi manja awo anamukazingira Bernard mtedza wapaulendo, ndipo pambuyo pake chimenechi ndicho chinkawadya mumtima kuposa zonse.

Patapita miyezi khumi, pafoni ya Funsani, mng'ono wake wa Bernard, panabwera uthenga wamawu. Wolankhula anali Nasir, mmodzi wa anyamata aja, ndipo ankanong'ona. Anati katundu wolongedzayo sanamuone n'komwe. Atangofika anawalanda ziphaso, n'kuwaveka yunifolomu, n'kuwapatsa mfuti, n'kuwatumiza kunkhondo ya eni ake imene ngakhale chiyambi chake sankachidziwa. Anati Bernard chinamugwera chinthu chochokera kumwamba, ndipo anamusiya pomwepo chifukwa panalibe mpata womunyamula. Kuchokera tsiku limenelo foni ya Nasir nayo sinapezekenso.

Anthu anasonkhana, analira masiku atatu. Koma maliro opanda mtembo ndi ovuta. Adzukulu ankangoyang'anana, makasu ali pansi. Tsiku lachitatu a Alufeyo, mlongo wawo wa mayi Falesi amene analinso mwinimbumba, anawaitanira kuseri kwa nyumba.

"Achemwali, tichite monga ankachitira makolo," anatero. "Tidule thunthu la nthochi, tilikulunge ndi malaya ake, tikaike kumanda. Anthu abalalike, mitima ikhale pansi."

"Achimwene," anayankha mayi Falesi, "ine sindinabereke nthochi."

A Alufeyo anayesa uku, anayesa uku, koma zinakanika. Anthu anabalalika okha, wina pokumbukira mbuzi zake, wina nandolo wake kumunda, ndipo malirowo anatsala osatsekedwa.

Kenaka kunabwera a bungwe lina la m'tauni pa magalimoto awiri. Anagawa matisheti oyera olembedwa kuti TIKUKANA NKHONDO, anabweretsa zikwangwani ndi chimkuzamawu, ndipo anthu anaguba kuchokera pa Njuli akuimba mpaka kusasa mawu. Mayi Falesi anawaika patsogolo atanyamula chithunzi cha Bernard, ojambula akuwazungulira uku ndi uku. Kalata ya madandaulo inaperekedwa kwa bwana wina amene anailandira ndi manja awiri n'kulonjeza kuti ikafika koyenera. Pomwe inkakwana folo koloko magalimoto aja anali atabwerera. Unali moto wamapesi. Matisheti okha ndiye anathandiza ndithu, anthu akulimira mpaka lero. Geoffrey anasowa masabata awiri, lachitatu anali pakhonde paja ngati sikunachitike kanthu.

Mayi Falesi akanangokhala n'kumalira mwana wawo chamumtima monga amachitira amayi ambiri. Chinawadzutsa ndi chimene anapeza m'thumba la buluku la Funsani tsiku lina akuchapa: tizithunzi tinayi tating'ono ta nkhope yake, ta mtundu womwe uja Bernard anajambulitsa asananyamuke. Funsani anali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, ankapalasa kabaza pa njinga ya munthu wina, ndipo ndi yekhayo amene anatsala. Bambo ake anamwalira iye adakali kupulayimale.

"Iwe Funsani, timeneti n'tachiyani?"

"Amayi, achimwene anangochita tsoka. Si onse akupita kunkhondo. A Geoffrey akuti ulendo uno ndi kampani ina. Taonani kwa amake Blessings, mwana wawo akutumiza, akhoma malata."

"Ndiye ukufuna undikhomere malata kuti ndizikulirira m'nyumba yosadontha?"

Funsani anatola tizithunzi take tonyowato n'kukatiyanika pazenera. Mayi Falesi anachita mantha amene sanawamvepo chibadwire, chifukwa anaona kuti mawu awo sakulowa.

Lachinayi lotsatira ndi lija anatenga chikwanje, n'kusadza nthambi za mango, n'kukaziyala pamsewu. Anayala mizere iwiri monga mwa mwambo, wina kumtunda kwa sitolo ija, wina kumunsi, kotero kuti khonde la Geoffrey linapezeka lili pakati pa maliro.

Woyamba kufika anali wakabaza atanyamula mayi wa dengu la tomato. Anatsika onse awiri.

"Pepani mayi, sitinamve. Watisiya ndani?" anafunsa wakabazayo.

"Bernard, mwana wanga."

"Ii! Si uja tinalira kale, mwezi wa Malichi?"

"Munamuika?"

Wakabaza uja anayang'ana pansi.

"Sanaikidwe," anatero mayi Falesi. "Ali pabwalo mpaka lero, kudziko la eni. Anamutenga ndi abambo ali pakhonde apowo. Pitani bwino."

Tsiku lonse zinali choncho. Munthu sudutsa pamaliro osapepesa, ndipo ukapepesa uyenera kuima n'kumva yankho. Aliyense wopita kumsika anatsika, anamva dzina la Bernard, n'kucheukira pakhonde paja. Geoffrey anayamba ndi kuseka, kenaka anayamba kulankhula pa mafoni ake onse awiri ngakhale panalibe imene inalira.

Koma musaganize kuti anthu anawaombera m'manja mayi Falesi. Madzulo ake a Alufeyo anafika ali wefuwefu.

"Achemwali, mwazungulira mutu kodi? Masamba sayala chabe! Amenewa ndi malodza, mukuitana imfa m'mudzi."

"Imfa inabwera kale, achimwene. Inakhala pakhonde, ndipo tonse tinaipatsa moni."

Tsoka ilo, sabata yomweyo kunamwalira mkulu wina amene anadwala chifuwa zaka zambiri, ndipo anthu anapeza ponenera: amutenga ndi masamba a Falesi. Pamjigo amayi ankadula nkhani iwo akangofika. Kutchalitchi benchi yawo inayamba kukhala ndi malo ambiri. Akabaza ankang'ung'udza kuti kutsikatsika kukuwachedwetsa. Wapolisi wina anatumidwa kudzachotsa masambawo, koma atafika anaima, anakanda m'mutu, n'kuvula chipewa chake naye, n'kubwerera. Zonsezi zinkawapweteka mayi Falesi, makamaka za pamjigo, chifukwa ena mwa amayiwo anavina nawo limodzi kuchinamwali.

Komabe Lachinayi lililonse masamba ankayalidwa. Juni anafika ndi chiperoni chake, kamvula kowaza kolowa m'mafupa, mayi Falesi ali pamkeka atafunda thumba la feteleza kumutu. Mitengo ya mango ya pakhomo pawo inatha nthambi zam'munsi, anayamba kusadza bulugama wa kumalire a munda. Masiku ena ankabwerera kunyumba osadziwa ngati akuchita chanzeru kapena akungodzichititsa manyazi.

Sabata lachisanu ndi chimodzi kunafika mayi wina wamtali, mpango wake wophimba mpaka m'mapewa, atasenza mtolo wa nthambi. Anali mayi Hidaya, amake Nasir, ochokera cha ku Mpama. Awiriwa anali asanalankhulanepo.

"Ine sindikudziwa ngati wanga ali moyo kapena anapita," anatero mayi Hidaya atatula mtolowo. "Kwathu maliro sagona, timaika tsiku lomwelo. Tsono ine miyezi yonseyi ndilibe woika, ndilibenso wodikira. Tasunthani, ndikhale nawo."

Mayi Falesi anasuntha, ndipo tsiku limenelo analira mokweza kwa nthawi yoyamba chiyambire kuyala masamba.

Mutu umodzi susenza denga. Pofika Ogasiti pamkeka paja sipankakwananso, anabweretsa mikeka ina itatu. Anabwera amayi a anyamata ena aja, anabwera azakhali ndi achemwali awo. Tsiku lina anafikanso amake Blessings, a nyumba yamalata aja, atanyamula nthambi ziwiri zokha, maso otupa. Foni ya mwana wawo nayo inali itasiya kupezeka. Palibe anawafunsa kanthu, anangowapatsa malo.

Gululi linalibe dzina, linalibe ofesi, linalibe tisheti. Anthu ankangoti amayi amasamba. Anagawana ntchito monga amagawirana pamaliro enieni: awa osadza nthambi, awa otunga madzi akumwa, awa oyankha odutsa. Lolemba ankayenda awiriawiri m'midzi, kukhomo lililonse kumene anamva kuti mnyamata wajambulitsa tizithunzi, n'kukawamvetsera makolo ake uthenga wa Nasir uja pafoni. Kwina ankawalandira, kwina ankawatulutsira agalu, koma Lolemba linalo ankapitanso. Akabaza omwe ankang'ung'udza aja tsopano ndiwo ankayamba kufotokozera okwera nkhani yonse asanafike n'komwe pamasamba.

Mphunzitsi wina wopuma pantchito anaima tsiku lina n'kuwauza kuti nthaka imeneyi si yachilendo pa zoterezi, kuti m'nthawi ya agogo anthu a kuno mpaka ku Magomero anakanapo kuti ana awo azikafera nkhondo za eni. Mayi Falesi anamvetsera mwaulemu mpaka anamaliza.

"Aphunzitsi, zimenezo ine sindinaphunzire," anatero. "Ine ndikungofuna Funsani asapite."

Mu Seputembala mwini sitolo anapempha Geoffrey kuti achoke pakhonde, chifukwa anthu sankafunanso kugula sopo pakati pa maliro. Amayi anasangalala, koma Geoffrey sanapite kutali. Anayamba kukumana ndi anyamata m'midzi, pansi pa mitengo, ndi kuwaimbira pafoni.

Nanga Funsani? Lachinayi lililonse ankayenera kutsika panjinga pamaso pa amayi ake, mwina kakhumi pa tsiku, n'kukankha akuyang'ana kumbali. Kunyumba ankadya mwakachetechete. Tsiku lina atadutsa wopanda wokwera, anaimika njinga n'kunjuta pafupi ndi mkeka.

"Amayi, anzanga akundiseka. Akuti ndine mwana wa mayi wamisala."

"Akuseke uli moyo."

"Moyo wake uti, amayi? Njingayi si yanga. Munda mwauona nokha mmene wachitira chaka chino. Ndidzakwatira ndi chiyani? Ndikalambe ndikupalasa matumba a anthu ena?"

Mayi Falesi anadziwa kuti mwanayo sankanama. Masamba amaimitsa galimoto koma salemba munthu ntchito. Anamuyang'ana, anaona mmene mapewa ake anafananira ndi a Bernard, ndipo mtima wawo unasweka.

"Ndilibe choti ndikupatse, mwananga. Ndili ndi iwe basi."

Funsani anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya. Poimirira anaona nthambi imodzi itasunthidwa ndi mphepo, anaibwezera pamzere bwinobwino, n'kukankha njinga yake kumapita. Mayi Falesi anakagwira kanthu kakang'ono kameneko ndi manja awiri, n'kumadziuza kuti mwana wamva.

Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, wakabaza wina ananong'oneza mayi Hidaya kuti minibasi ibwera kudzatenga anyamata asanu ndi anayi. Geoffrey sanali wopusa, anasankha Lachiwiri m'mawa, tsiku lopanda masamba. Uthengawo unayenda khomo ndi khomo Lolemba lonse, kuti mawa lake onse akayale masamba.

Lolemba lomwelo Funsani anaweruka msanga. Anakonza chitseko cha khola la mbuzi chimene amayi ake anakhala akumuuza kwa miyezi itatu, anawaza nkhuni zambiri kuposa zofunika, n'kudzakhala nawo pakhonde akusenda nandolo ngati mwana wamkazi. Mayi Falesi sanafunse kanthu, anadziwa kuti m'gulu la asanu ndi anayi aja iye alimo. Kutacha anapeza chitseko cha kanyumba ka Funsani chili chotseka, ndipo sanagogode. Mwana wamkulu summanga ndi chingwe. Msewu wa galimoto wotuluka m'midzi imeneyo ndi umodzi wokha, choncho anatenga chikwanje n'kupita kukamudikira pamasamba.

Tsiku limenelo kunabwera amayi oposa makumi atatu. Kunabweranso azibambo angapo, ndipo pakati pawo panali a Alufeyo, akukoka nthambi yaikulu ya mango osayang'ana munthu kumaso. Anaiyala pamzere n'kukaima poteropo, chipewa m'manja.

Itangodutsa seveni koloko, fumbi linaoneka kumtunda. Minibasi yoyera inatsetsereka wailesi ikulira, koma itafika pamasamba oyamba wailesi inazima. Dalaivala anachepetsa liwiro, anavula kapu yake, ndipo ataona kuchuluka kwa anthu anaima. Amayi sanatseke msewu, anangokhala m'mbali monsemo.

"Tiye iwe! Palibe maliro apa, ndi masewera amenewa!" anakuwa Geoffrey ali pampando wakutsogolo.

"Bwana, ine ndine wa konkuno," anayankha dalaivala. "Ndikaponda masamba amenewa, tsiku langa adzandiyalire ndani?"

Amayi anayamba nyimbo ya maliro, chapansipansi. Ili m'kati, mayi Hidaya anaimirira n'kuyamba kutchula maina a anyamata amene anapita chaka chatha, limodzilimodzi, ndipo pa dzina lililonse mayi wake ankayankha kuti, "Sanabwere." Atatha maina asanu ndi awiri, amayi a anyamata a m'minibasimo anaimirira nawo n'kuyamba kuitana ana awo, ena ndi maina a paubwana amene anyamatawo anali atawaiwala. Sanakalipe. Anangoitana monga amaitanira mwana kuti adzadye.

Kenaka chitseko cha minibasi chinatseguka, ndipo anatsika mnyamata mmodzi, chikwama m'manja, mutu uli pansi. Anatsika wachiwiri. Wachitatu anatsika akulira ngati mwana. Geoffrey analankhula za mapepala amene anasaina, anaopseza, ananyengerera, koma palibe anamucheukira. Nthungululu zinamveka mpaka kumsika, amayi akukumbatira ana awo, ena akuwamenya timakofi m'mapewa uku akulira.

Mayi Falesi ankawerenga. Anatsika asanu ndi atatu, ndipo m'galimotomo munatsala dalaivala ndi Geoffrey basi. Anapita pazenera, anasuzumira. Anazungulira mbali inayo, anasuzumiranso. Anakwera n'kuyang'ana pansi pa mipando, ngati munthu wa zaka makumi awiri ndi zitatu angabisale pamenepo.

Potsika anapeza mmodzi wa anyamata aja, Francisko, mnzake wa Funsani wa pakabaza, atagwada pafumbi kuwadikira.

"Mayi, Funsani sanakwere nafe."

"Ali kunyumba?" anafunsa mayi Falesi.

"Iyayi, mayi. Ananyamuka mbandakucha, wapansi. Anadzera kanjira ka kudambo kotulukira ku Magomero, akakwerera kumeneko. Mapepala ake ali nawo kale, ndipo anzake a maboma ena akumudikira kutsogolo. Foni anathimitsa."

"Wapansi? Mtunda wonse uja? Chifukwa chiyani, galimoto ilipo?"

Francisko anayankha ali chigwadire.

"Anandiuza dzulo, mayi. Anati, 'Ine ndikadutsa pamasamba a amayi anga, nditsika.'"

Mawuwo anamveka kwa amene anali pafupi, ndipo anayenda pakamwa ndi pakamwa mpaka kumapeto kwa mzere. Nthungululu zinazima imodzi ndi imodzi. Amayi amene anali atagwira ana awo anayamba kuwasiya manja mwamanyazi, ngati agwidwa akudya pamaso pa wanjala. A Alufeyo anathamangira kwa wanjinga yamoto n'kukwera osafunsa mtengo, koma aliyense ankadziwa kuti munthu wonyamuka mbandakucha summupezanso dzuwa litakwera chonchi.

Mayi Falesi anayang'ana amayi anzawo aja.

"Mwalekeranji?" anatero. "Imbani nthungululu. Ana anu atsika, imbani."

Palibe anatha kuimba. Mayi Hidaya anawagwira m'chiuno, koma mayi Falesi anakhala pansi pakati pa msewu, pafumbi, pakati pa mizere iwiri ija. Anavula mpango wakuda n'kuugwira kumaso. Ndipo pamene anayamba kulira, dzina limene ankaitana silinali la Bernard.